Lipoti la kukonzekera ntchito yosintha denga lafulati la nyumba yokhalamo kufupi ndi Chitakale, m'boma la Mulanje

Lipotili likufotokoza mmene tinakonzera ntchito yosintha denga la nyumba ina yokhalamo kufupi ndi Chitakale, kuyambira pa kuiyendera mpaka pa kusainirana pangano ndi kontirakitala. Ndalilemba monga mmisiri woyang'anira zomangamanga amene banja la mwini nyumba linamupempha uphungu, ndipo dzina la banjalo ndalisiya dala. Chimene chandilimbikitsa kulemba n'chakuti eni nyumba za madenga afulati kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo nthawi zambiri amatiitana atagula kale phula kapena penti, pamene funso loyamba, lakuti madzi akuchoka bwanji padengapo ndipo adzawayang'anira ndani, asanalifunse n'komwe.

Nyumbayi inamangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi njerwa zootcha, ndipo denga lake ndi silabu ya konkire yotalika mamita 12 m'litali ndi 9 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 108. Kutsogolo kuli khonde lomwenso lili ndi silabu yakeyake, yotsikirapo, ya mamita 6 kwa 3. Denga lonse lazunguliridwa ndi kakhoma kotalika masentimita 45, ndipo madzi a pa silabu yaikulu anali ndi potulukira pawiri pokha, pa mapaipi awiri a mamilimita 75 obooledwa m'ngodya zakumbuyo. Mwini nyumbayi ndi mayi wachikulire wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, yemwe amakhala ndi zidzukulu ziwiri zing'onozing'ono, ndipo ndalama za ntchitoyi zinkachokera kwa ana ake, wina ali ku Blantyre, wina ku Johannesburg.

Malinga ndi mayiwa, denga lakhala likuthonya kwa zaka zambiri, koma linafika poipa pa nthawi ya namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, pamene mvula inagwa masiku angapo osaleka ndipo madzi anadzaza padenga mpaka kuyamba kusefukira pamwamba pa kakhoma. Mvula itatha anaitana munthu amene anathira simenti wina pamwamba n'kupakapo penti yamphira. Dzinja lotsatira, la 2023 kulowa 2024, mvula inali yochepa m'chigawo chakumwera chifukwa cha El Niño, choncho kuthonya kunachepa ndipo anawo anakhulupirira kuti vuto latha. Amene sanakhulupirire ndi mayiwo, chifukwa fungo la chinyontho m'chipinda chawo silinachoke, ndipo zovala za m'kabati zinkachitabe nkhungu.

Zimene tinapeza padenga

Chinthu choyamba kuoneka titakwera chinali ndere zobiriwira zomwe zinajambula malire a zithaphwi zitatu, chachikulu chili pakati penipeni pa silabu, kutali ndi mapaipi onse awiri. Titayeza ndi paipi ya levulo tinapeza kuti pakatipo m'pozama masentimita 5 kuposa pakamwa pa mapaipi, kotero kuti madziwo analibe njira ina yochokera kupatula kuuma ndi dzuwa kapena kulowa pansi. Paipi imodzi inali yotsekeka ndi masamba a mtengo wa mapeyala womwe nthambi zake zimafika padenga, osakanikirana ndi dothi ndi mizu ya kaudzu kamene kanamera momwemo. Ina inali yotseguka, koma simenti wothiridwa posachedwa uja anali ataphimba theka la kukamwa kwake.

Kenaka tinaboola malo angapo ndi tchizulo kuti tione zimene zili pansi pa penti. Apa m'pamene nkhani yeniyeni inaonekera. Pamwamba pa silabu panali simenti wothiridwa katatu pa nthawi zosiyana, wosanjikizana mpaka masentimita 9, ndipo pakati pa woyamba ndi wachiwiri panali phula lakale lomwe linali litauma n'kumathetheka m'manja. Simenti wam'munsi anali wonyowa moti ukamufinya ankasiya madzi pa zala, ngakhale kuti panali patapita milungu mvula isanagwe. Aliyense wobwera kudzakonza ankaphimba ntchito ya mnzake osachotsa kanthu, ndipo madzi olowera m'ming'alu ya pamwamba ankatsekeredwa m'kati n'kumayenda cham'mbali, n'chifukwa chake pamene pankathonyera m'nyumba sipankagwirizana ndi pamene panali mng'alu padenga.

Kulemera kwa zimenezi n'kofunika kukuwerengera bwino. Simenti wosakaniza ndi mchenga amalemera pafupifupi makilogalamu 2,000 pa kiyubiki mita imodzi, choncho masentimita 9 akupereka makilogalamu 180 pa sikweya mita iliyonse, ndipo pa denga lonse ndi matani opitirira 19. Madzi oima masentimita 5 amawonjezerapo makilogalamu 50 pa sikweya mita, ndipo pangodya ina panalinso thanki ya malita 1,000, yomwe ikadzaza imalemera tani imodzi. Silabu yokhayo ndi yokhuthala mamilimita 125. Katundu yenseyu sanali m'maganizo mwa amene anaimanga, ndipo pamene silabu ikuwerama pang'ono pakati chifukwa cholemedwa, m'pamenenso chithaphwi chimazama n'kuwonjezera kulemerako.

M'kati mwa nyumba tinagogoda kudenga ndi hamala yaing'ono chipinda ndi chipinda. Konkire wabwino amalira mouma, koma pamene wasiyana ndi zitsulo amamveka ngati mphika wosweka, ndipo malo otere tinawapeza kubafa ndi pangodya ya chipinda cha mayiwo, pomwe chidutswa china chinagwa chokha titangochikhudza n'kuonetsa chitsulo chofiira ndi dzimbiri. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kukankha konkire wochiphimba, ndipo zikafika apa nkhani siikhalanso ya kuthonya kokha. Ndinauza banjalo kuti sindingapitirize kupereka uphungu injiniya wa zomangamanga asanaone silabuyo. Iwo anadandaula za ndalama yomulipira, koma anavomera. Injiniyayo anapeza kuti zitsulo zambiri zidakali bwino, kuti malo owonongekawo angakonzedwe mwa kugumula konkire wofooka, kupala dzimbiri ndi kumatanso, koma anatsindika kuti simenti yense wowonjezera achotsedwe, thanki itsitsidwe, ndipo pasadzaikidwenso chilichonse cholemera.

Potulukira madzi tinawerengera motere. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Kuno kumunsi kwa phiri mvula yamkuntho imatha kukhuthuka mwamphamvu kwa mphindi zochepa, ndipo pa ntchitoyi ndinasankha kuwerengera pa mlingo wa mamilimita 150 pa ola. Pa masikweya mita 108 amenewo ndi malita 16,200 pa ola, kapena malita anayi ndi theka pa sekondi iliyonse. Mapaipi awiri ang'onoang'ono aja, ngakhale atakhala oyera, sangameze madzi otere mosavuta, ndipo panalibe bowo lina lililonse lothandizira pakakhoma loti madzi azithawirapo mapaipi akatsekeka.

Njira zimene tinaziganizira

Mwana wa ku Blantyre ankafuna penti ina yamphira yokhala ndi nsalu pakati, popeza ndi yotsika mtengo ndipo imatha msanga. Njira imeneyi sitinachedwe nayo. Penti zotere zimagwira ntchito pamalo otsetsereka pamene madzi amadutsa n'kupita, koma pansi pa chithaphwi zimafewa n'kuyamba kusupuka.

Njira yachiwiri ndiyo inatitengera nthawi, chifukwa ndi njira yovomerezeka ndipo ikachitika bwino imakhalitsa: kuchotsa zonse zakale, kuthira simenti watsopano wotsetsereka kulowera ku mapaipi, ndi kuyala phula la m'mipukutu lokhuthala mamilimita 4, lomwe amalimata poliwotcha ndi moto wa gasi. Denga lotchedwa lafulati siliyenera kukhala lathyathyathya kwenikweni. Likatha liyenera kutsika sentimita imodzi pa masentimita 80 alionse, ndipo pojambula timaika sentimita imodzi pa 40 kuti zolakwika za m'manja ndi kuwerama kwa silabu zisadye kutsetserekako. Pa mtunda wa mamita anayi ndi theka kuchokera pakati kufika m'mphepete, zimenezi zikufuna simenti wokwera masentimita 11 pakati, osawerengera kukhuthala kwa kumapeto. Tikanakhala tikubwezera pasilabu gawo lalikulu la katundu yemwe injiniya anati achoke.

Komabe chimene chinandichititsa kuikana njirayi si kulemera kokha. Denga la phula limafuna mwini. Limafuna munthu wokwera kukasesa masamba mvula isanayambe ndi m'kati mwa dzinja, wotsegula mapaipi, woona ngati polumikizira payamba kutukuka, ndi wolipakanso penti yasiliva pakapita zaka ziwiri kapena zitatu kuti dzuwa lisaliwotche. M'madera a tiyi a Mulanje mvula ya pachaka imapitirira mamilimita 1,500, ndipo dzinja likatha kumabwera chiperoni chimene chimasunga denga lili lonyowa kwa masiku, pamene mitengo imayoyola masamba chaka chonse. Nditafunsa kuti pakhomopo amakwera padenga ndani, mayiwo anayankha kuti, “Bambo, ine ndi mawondo angawa makwerero ndinasiyana nawo kalekale, ndipo adzukulu angawa sindingawalole. Akakwera munthu ndiye kuti kwathonya kale.” Kwa ine yankho limeneli linali lolemera kuposa miyeso yonse imene tinatenga, chifukwa denga loyenera nyumbayi ndi lomwe lingataye madzi lokha ngakhale chaka chitatha popanda wolipondapo.

Choncho ndinalangiza njira yachitatu: kusiya silabu kuti ikhale ngati siling'i, kugumula timakoma takutsogolo ndi kumbuyo, ndi kumanga pamwamba pake denga lopepuka la malata lotsetsereka mbali ziwiri, lotaya madzi kunja kwa makoma. Malata ndi matabwa ake pamodzi sapitirira makilogalamu 20 pa sikweya mita, poyerekeza ndi 180 amene tikuchotsa.

Mayiwo sanaikonde njirayi poyamba, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka. Nyumbayi anamanga ndi malemu amuna awo, ndipo maonekedwe ake akutsogolo ndi amene anthu a m'deralo amaidziwira. Mwana wa ku Johannesburg, polankhula pa foni, anawachonderera kuti, “Amayi, tiyeni timvere amisiri, ife tili kutali sitingamagone tulo mvula ikamagwa kumeneko.” Tinagwirizana kuti khonde likhalebe lafulati ndi kakhoma kake. Silabu ya khonde ndi yaing'ono, masikweya mita 18 okha, ndi yotsika moti mnyamata wa ganyu angaisese ataima pa makwerero aafupi, ndipo ikathonya sikuthonyera pogona munthu. Pamenepo ndiye tinasankha kuika phula la m'mipukutu, lokwera pakakhoma masentimita osachepera 15 n'kulowa mu mpata wosemedwa m'njerwa, ndi potulukira madzi pa mamilimita 100 pamodzi ndi bowo lothandizira pamwamba pake.

Mmene denga latsopano linajambulidwira

Tinasankha malata a nthiti zamakona otchedwa IBR, okhuthala theka la milimita, otsetsereka madigiri 10. Malata amenewa amaloledwa kutsika mpaka madigiri 5, koma kuno mphepo imakankhira mvula chokwera, ndipo sindinafune kuyandikira malire amenewo. Pa madigiri 10 msana wa denga ukukwera pafupifupi masentimita 80 pamwamba pa silabu, kotero kuti nyumba sikusintha kwambiri ukaiona uli pamsewu. Denga likupitirira khoma ndi masentimita 60 kutsogolo ndi kumbuyo kuti njerwa zileke kumenyedwa ndi mvula, ndipo lata lililonse likhala lautali wa mamita 5.2, lamphumphu kuchokera pamsana mpaka kumapeto, popanda kulumikiza pakati, chifukwa pa denga lotsetsereka pang'ono polumikizira m'pamene madzi amabwerera m'mbuyo. Lata limodzi la IBR limaphimba mamilimita 686 m'lifupi, choncho pa utali wa denga wa mamita 12.8, kuphatikiza kupitirira khoma m'mbali, pakufunika malata 19 mbali iliyonse, onse 38, ndipo tinalemba 40 kuti pakhale awiri apadera.

Denga lopepuka lili ndi mdani wake, yemwe ndi mphepo. Anthu ambiri amaganiza kuti mphepo imakankha denga, koma pa denga lotsetsereka pang'ono imalikokera m'mwamba, makamaka m'ngodya ndi m'mphepete, ndipo madenga amene amasasuka nthawi zambiri amapita ndi mitanda yomwe chifukwa inangokhazikidwa pakhoma. N'chifukwa chake pa pulani tinalemba momveka kuti matabwa a m'munsi amangidwe ku silabu ndi mabawuti, kuti mtanda uliwonse ukulungidwe ndi lamba wachitsulo wokhomeredwa ku thabwa limenelo, kuti mapaso asatalikirane kuposa mamita 1.2, ndiponso kuti malata akhomedwe pamwamba pa nthiti zake ndi misomali yamazinga yokhala ndi labala kumutu, nthiti iliyonse kumapeto ndi kumsana. Matabwa ndi a paini, ouma ndi othiridwa mankhwala oteteza chiswe. Munthu wina anauza banjalo kuti angalipezere mkungudza wa m'phiri, koma ndinakana, popeza mtengo umenewu ndi wotetezedwa ndipo watsala pang'ono kutheratu m'phiri la Mulanje.

Mpata wa pakati pa silabu ndi malata uyenera kupuma. M'miyezi ya chiperoni kunsi kwa malata kumachita thukuta lomwe limadonthera pansi, ndipo silabu yathuyi ikhalanso ikutulutsa chinyontho chimene yamwa kwa zaka. Pa pulani tinaika mabowo a mpweya m'makoma a m'mbali ndi pansi pa malata kumapeto, onse otchingidwa ndi waya wasefa kuti mileme ndi makoswe zisapangemo nyumba, komanso kachitseko kamodzi koti munthu azitha kulowa kukayendera.

Madzi ochoka padenga sitinawaiwale. Denga latsopano likuphimba pafupifupi masikweya mita 130, ndipo pa mvula ya mamilimita 1,500 ndi malita 195,000 pachaka. Nyumbayi ili pamalo otsetsereka ndipo kumunsi kwake kuli nyumba ya anthu ena. Magata akumbuyo azithira mu thanki imene tikuitsitsa padenga ija, yomwe ikhala pa nsanja yakeyake yachitsulo, ndipo madzi otsala azitsata ngalande ya simenti kulowera ku ngalande ya msewu.

Nthawi, ndalama ndi pangano

Kuno nthawi yogwira ntchito ya denga ndi yochepa kuposa mmene anthu ochokera kumadera ouma amaganizira. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi dzinja, kuyambira Meyi mpaka Julayi chiperoni chimabwera mosalonjera, ndipo mu Okutobala chizimalupsa chikhoza kugwa tsiku lililonse. Tinaika ntchito yonse mu Ogasiti ndi Seputembala, m'ndondomeko iyi: kudula nthambi za mapeyala ndi kutsitsa thanki, kugumula simenti wakale mbali imodzi panthawi n'kumatsitsa zigumu tsiku lomwelo osaziunjika pasilabu, kusiya silabu iume padzuwa uku akukonza malo a dzimbiri, kenaka matabwa ndi malata. Simenti wa pakhonde athiridwe koyambirira kwenikweni, chifukwa phula likamatidwa pa simenti wosauma limachita matuza dzuwa likatentha. Kuuma kwake tidzakuyesa pomata pepala la pulasitiki pansi madzulo n'kuona m'mawa ngati kunsi kwake kwachita thukuta. Phula likamatidwa tidzatseka potulukira n'kudzaza madzi kwa maola 48 tisanalandire ntchitoyo. Banjalo likhalabe m'nyumba, kupatula pa masiku ogumula pamene zipinda za pansi pa ntchito zizikhala zopanda munthu.

Pa ndalama, chimene chinavuta n'kusakhazikika kwa mitengo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo imene masitolo a ku Limbe ankapereka inkakhala ya masiku ochepa chabe. Ndinalangiza kuti malata, misomali ndi phula zigulidwe msanga miyeso ikangotsimikizika, zisungidwe pa matabwa pamalo ouma, koma simenti agulidwe ntchito ikuyamba, chifukwa m'chinyontho cha kuno amauma m'thumba. Malata ayezedwe kukhuthala pomwe akugulidwapo, ndipo ndinakumbutsa anawo kuti pa geji, muyezo wa kukhuthala kwa malata, nambala ikamakula lata limakhala lopyapyala. Pa bajeti yonse tinawonjezera 15 peresenti ya zosayembekezereka, popeza palibe amene angadziwe mmene silabu yonse ilili mpaka itavundukulidwa.

Makontirakitala atatu anapereka mitengo pa pulani imodzimodzi. Wotsika mtengo kwambiri sanawerengere kuchotsa matani 19 a zigumu ndiponso analemba malata opyapyala kuposa amene tinapempha, ndipo zimenezi zitawonjezedwa mtengo wake unafanana ndi wa anzake. Tinasankha amene anasonyeza kuti ndi wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga la NCIC ndipo anatitengera kukaona denga la phula limene anamata zaka zapitazo, lomwe tinalipeza lili bwino. Pangano linalembedwa m'Chichewa kuti mayiwo aliwerenge okha. Malipiro agawidwa panayi motsatira ntchito yooneka ndi maso, ndipo 10 peresenti isungidwa mpaka kumapeto kwa Epulo wotsatira, denga litayesedwa ndi dzinja lathunthu. Ntchito ina iliyonse yowonjezera iyenera kulembedwa ndi kuvomerezedwa isanayambe, ndipo wopereka chilolezo ndi mayiwo okha, kuti kontirakitala asamalandire malamulo osiyana kuchokera ku mafoni awiri.

Popeza maonekedwe a denga akusintha, pulani inaperekedwa ku khonsolo ya boma kuti ivomerezedwe. Chinthu china chimene chiyenera kuchitika ntchito isanayambe ndi waya wa magetsi wolowa m'nyumba, yemwe anamangiriridwa pa kakhoma kakumbuyo kamene tikufuna kugumula. Waya ameneyu sayenera kukhudzidwa ndi mmisiri wa denga, choncho banjalo lalembera a ESCOM kuti adzamusunthe, ndipo m'pangano talemba kuti masiku a kontirakitala ayamba kuwerengedwa chilolezo cha khonsolo chikatuluka ndiponso wayayo akasunthidwa. Ngati ziwirizi sizitheka pofika pakati pa Seputembala, ntchito yogumula idikira chaka chamawa, ndipo chaka chino tidzangotsitsa thanki, kudula nthambi, kutsegula mapaipi ndi kuboola mabowo anayi othandizira pakakhoma kuti madzi asadzadzenso padenga m'dzinja.